Tirigu womeretsa wophikira buledi: kumeretsa pang'ono, kuumitsa kwambiri

Aliyense amene anakulira pakhomo pophikidwa thobwa ntchito imeneyi akuidziwa kale mbali yaikulu. Kunyika mawere, kuwavundikira ndi chiguduli chonyowa, kuwaza madzi m'mawa ndi madzulo, kenako kuyanika pamphasa mpaka aume gwa, zonsezi timachitanso ndi tirigu. Posiyana ndi pamodzi pokha, koma ndi pamene pagona buledi wanu. Chimera cha thobwa timachilekerera mpaka mizu ilukanelukane, chifukwa ntchito yake n'kukasungunula phala kuti litsekemere. Buledi safuna zosungunuka. Tirigu wa buledi timangomudzutsa, akangotulutsa kansonga koyera timamuimitsa pomwepo, n'kumuumitsa msanga ndiponso mokwanira.

Zochitika m'kati mwa njere n'zosavuta kumva. Kunsonga imodzi ya njere ya tirigu kwagona kammera, ndipo mbali yotsalayo ndi chakudya chake. Chochuluka ndi sitachi, kenako mapuloteni amene amasanduka gluten tikamakanda, ndiye amagwira mpweya kuti buledi afufume. Njere ikamwa madzi, kammera kaja kamadzuka n'kuyambitsa ma enzyme. Ena, otchedwa amylase, amaphwanya sitachi kukhala shuga, ena amadula mapuloteni aja. Zikachitika pang'ono zimatikomera. Yisiti imapeza chakudya, buledi amatsekemera yekha osathira shuga, kunja kumafiira bwino, ndipo kakuwawa kaja ka ufa wosachotsa madeya kamachepa kwambiri, moti ana okana buledi wabulauni wa m'sitolo, uyu amamudya. Zikapitirira, gluten amafooka, m'kati simugwirana, ndipo mu uvuni mumatuluka chinthu chakuda kunja, chonanda m'kati, chomata pampeni ngakhale muchiwotche mpaka liti. N'chifukwa chake eni zigayo zikuluzikulu safuna tirigu amene mvula inamupeza m'munda n'kumera asanakololedwe. Amamuyeza ndi muyeso wotchedwa falling number, ndipo akapezeka womera mtengo umagwa, kapena amangopita ku chakudya cha ziweto. Ifeyo tikuchita dala chimene mlimi amaopa, ndiye tiyenera kudziwa polekezera.

Kupeza tirigu wamoyo

Ambiri a ife tinafika ku Joni tisanaionepo njere ya tirigu, kupatula anzathu ochokera ku Tsangano ku Ntcheu kapena ku Neno kumene amalimako pang'ono. Ndiye ndifotokoze maonekedwe ake. Ndi yofiirira, yaitali pang'ono, ili ndi kangalande pakati kuchokera kumutu kufika kumchira. Nsonga imodzi ili ndi timaubweya tating'ono, inayo ili ndi kachigamba ka makwinya. Pakachigambapo ndi pamene pali kammera. Pakakhala popalika kapena pogumuka, njere imeneyo ndi yakufa.

Kuno tirigu amalimidwa kwambiri ku Western Cape, madera a Swartland ndi Overberg, komanso ku Free State ndi m'minda yothirira ya ku Northern Cape, ndipo wina wambiri amaitanitsidwa kunja chifukwa wa m'dziko muno sakwanira. Pafupifupi yense amathera kuchigayo, n'chifukwa chake wathunthu amasowa m'masitolo wamba. Amene mumuone pashelefu pafupi ndi mpunga ndi nyemba, wolembedwa kuti stampkoring kapena pearled wheat, ndi wokonola, musataye naye ndalama. Crushed wheat ndi woswa. Bulgur anamuwiritsa kale asanamuumitse. Onsewa ndi abwino kuphika koma samera.

Ine ndimagula m'masitolo a amwenye a ku Fordsburg ndi Mayfair kuno ku Joni, kumene amagulitsa zokometsera ndiwo ndi nyemba zamitundumitundu. Kumenekonso chenjerani, chifukwa tirigu wambiri amene amagulitsa ndi wophikira haleem, chakudya chawo cha tirigu ndi nyama, makamaka nyengo ya Ramadan, ndipo nthawi zambiri amakhala wopuntha. Nenani kuti mukufuna whole wheat wosakonola, mumuike pachikhatho mumuyang'ane. M'masitolo a zakudya zopatsa thanzi amalemba kuti whole wheat kernels kapena wheat berries, ena amamugulitsa ngati mbewu ya wheatgrass. Ndi wokwererapo mtengo koma amamera bwino.

Pali awiri amene ndikukupemphani kuti musawayandikire n'komwe. Woyamba ndi mbewu yodzala yopakidwa mankhwala, ija yooneka yofiira kapena ya pinki monga zimakhalira mbewu za chimanga zogula kwathu. Mankhwala amenewo satsukika, ndi poizoni. Wachiwiri ndi tirigu wogulitsidwa ngati chakudya cha nkhunda ndi nkhuku. Ndi wotchipa inde, koma sanasungidwe ngati chakudya cha anthu.

Musanagule thumba lalikulu, tengani paketi yaing'ono muyese. Werengani njere 20, muzikulunge m'kansalu konyowa, muike m'mbale n'kuvundikira. Pakatha masiku awiri kapena atatu werenganinso. Zikamera 18 kapena kuposa, tiriguyo ndi wabwino. Zikamera zochepa musiyeni, chifukwa njere zakufa sizingokhala chete pakati pa zinzake, zimawola n'kununkhitsa zonse.

Kuviika ndi kumeretsa

Yambani ndi magalamu 500. Muyezeni pasikelo akadali wouma, nambalayo muilembe penapake, mudzaifuna kutsogoloku. Petani, sankhani timiyala ndi njere zakuda kapena zosweka monga muchitira ndi mpunga, kenako tsukani mpaka madzi ayere. Zoyandama zonse tayani. Thirani madzi ozizira a pampopi, ochuluka kawiri kuposa tiriguyo, muviike kwa maola 8 mpaka 12. Madzi otentha ayi. Musapyolenso maola 12, chifukwa njere yodzuka imapuma, ikakhalitsa m'madzi imabanika n'kuyamba kusasa. Miyezi yotentha sinthani madzi kamodzi pakati. Ndipo poti madera ena a mzinda uno mipopi imatha kuuma osayembekezera, onetsetsani kuti muli ndi ndowa ya madzi oyera musanayambe. Tirigu wonyowa sangadikire kuti madzi abwere.

Ndimakonda kuviika usiku pogona kuti ndikhetse m'mawa. Khuthulirani m'sefa yaikulu ija yokhetsera mpunga, tsukuluzani bwino, ikani sefayo pamwamba pa beseni kuti madzi azidontha ndipo mpweya uzilowa pansi, n'kuvundikira ndi nsalu yoyera yonyowa. Pasakhale padzuwa. Mulu usakuye kupitirira zala zitatu, chifukwa njere zomera zimatulutsa kutentha, ndipo mukapisa dzanja pakati pa mulu waukulu mumamva kufunda. Kufunda kumeneko pamodzi ndi chinyezi ndi zimene chuku chimafuna. Tsukuluzani m'mawa ndi madzulo, kukatentha katatu, ndipo nthawi iliyonse muzitembenuza ndi dzanja kuti zapansi zibwere pamwamba.

Tsopano apa ndi pofunika maso. Tolani njere zingapo muziyang'ane pafupi ndi windo. Zatupa, khungu lasalala, mukafinya ndi chikhadabo zikuphwanyika. Choyamba kutuluka pakachigamba paja ndi kadontho koyera mbee, kakang'ono ngati mutu wa singano. Kakatalika pang'ono kamang'ambika, timizu titatu timatulukamo, kapakati kakutsogola. Pambuyo pake ndi pamene mphukira yeniyeni imadzuka, yonenepa kuposa timizu, yoloza kwina. Ufa wa buledi umafuna gawo loyambalo. Njere zambiri zikaonetsa kansonga ka milimita imodzi kapena awiri, nthawi yakwana. Musadikire kuti zonse zifanane, chifukwa pamene zochedwa zizidzatuluka, zofulumira zidzakhala zitapitirira. Lumani imodzi, iyenera kumveka kakutsekemera kapatali, osati kutsekemera kwenikweni.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji? Mawotchi sathandiza kwenikweni, nyengo ndiyo imalamula. Tirigu amamera bwino pa madigiri 18 mpaka 22. Mu Disembala kapena Januwale kansonga kangathe kuoneka pasanathe maola 12 chikhetsereni madzi. Mu Juni ndi Julayi, m'nyumba zathu zozizira zija, zimatha kutenga tsiku ndi theka kapena masiku awiri. Kwa inu amene mumakwera takisi kusanache n'kubwera kutada, mukaona m'mawa kuti timadontho tayamba, ikani sefa yonse mufiriji musananyamuke. Kuzizira kumachedwetsa kumera, madzulo mudzapeza zili pabwino. Mukazisiya panja tsiku lotentha mudzapeza mizu.

Fungo labwino ndi la nkhaka yongodula kumene kapena udzu wanthete. Fungo losasa, kapena njere zoterera m'manja, ndiye kuti madzi sanakhetsedwe bwino. Zikangoyamba kumene mungazipulumutse potsukuluza kwambiri, koma zikanunkha tayani. Ena amaopa akaona timaubweya toyera pa timizu, kuyesa chuku. Thirani madzi. Ubweya wa mizu umagona n'kusaoneka, ndipo umakhala pamizu pokha. Chuku chimayanga pakhungu la njere, chotuwa, chobiriwira, chakuda kapena cha pinki, ndipo chili ndi fungo la m'nyumba yonyowa. Mukachiona, mulu wonse utayidwe kudzala. Musasankhe zooneka zabwino n'kusunga, poizoni wa chuku saphedwa ndi moto wa mu uvuni. Komanso musapatse ana njere zomera zosaphika kapena ufa wake wosaphika. Malo ofunda ndi onyowa amakomeranso tizilombo ngati Salmonella ndi E. coli. Ku Germany mu 2011 anthu oposa 50 anamwalira ndi E. coli wochokera ku mbewu zomeretsa za fenugreek zimene ankadya zosaphika. Tizilomboti timafa buledi akapsa.

Kuumitsa

Kumeretsa mwana aliyense angathe. Ntchito yeniyeni ili pano, ndipo ndi pamene ambiri amagwera mphwayi.

Choyamba dziwani kuti njere siileka kumera chifukwa choti mwaichotsa m'sefa. Imapitiriza mpaka itauma ndithu. Ndiye maola oyambirira ndi amene ali ofunika kuposa onse, ndipo ngati mukudalira dzuwa, imitsani tirigu wanu msangako kuposa mmene mukanafunira. Mutsukuluzeni komaliza, mumusiye adonthe kwa theka la ola, kenako mukhuthulireni pathaulo loyera louma n'kumupukuta. Madzi amene thaulo lamwa ndi maola angapo amene mwapulumutsa. Yalani pamathireyi kapena m'malichero mopyapyala, njere isakwere pa inzake. Magalamu 500 amadzaza mathireyi awiri a mu uvuni.

Pa nkhani yoyanika, Johannesburg anatikondera miyezi yozizira. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula siigwa kwenikweni, kumwamba kumakhala kopanda mtambo, mpweya ndi wouma moti milomo imang'ambika. Mpweya womwewo ndi umene umaumitsa tirigu popanda kumutentha. Ndikanati ndisankhe nyengo imodzi yokonzera ufa wa miyezi ingapo, ndi imeneyi. Tulutsani mathireyi dzuwa likakwera cha m'ma 9 koloko, muike pokwera mbali ya kumpoto kwa nyumba kumene dzuwa limakhalitsa, muzivundula ndi zala pakapita maola awiri alionse. Ikamakwana 4 koloko lowetsani, chifukwa kukangoyamba kuzizira chinyezi chimabwerera, ndipo usiku kumagwa chisanu. M'nyumba musaunjike, asiyeni ali choyalidwa, fani ikuwomba ngati muli nayo. Masiku awiri kapena atatu otere amakwana.

Kunja kuli adani ake. Nkhunda za mzinda uno sizichita manyazi, mpheta nazo zimabwera gulu, ndipo choopsa si njere zimene zadya koma zitosi zimene zasiya. Vundikirani ndi katani yakale ya lesi yochapa bwino, yokwezedwa pang'ono kuti isagone panjere, m'mbali mutapsinja ndi njerwa. Neti ya udzudzu ija tinabwera nayo kuchokera kumudzi musagwiritse, zambiri zimakhala zonyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu. Ife a kumwera kuno, ku Turffontein, Rosettenville ndi madera oyandikana ndi milu ya mchenga wa migodi yakale, tili ndi vuto linanso mu Ogasiti ndi Sepitembala. Mphepo ikauka imanyamula fumbi la milu ija, ndipo si fumbi loti lilowe m'chakudya. Tsiku la mphepo yanikani m'nyumba. Ngati bwalo ndi logawana ndi mabanja ena, auzeni anzanu za mathireyi anu kuti asakung'unthire makapeti pafupi kapena kuyanika zovala zodontha pamwamba pake.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi nkhani ndi ina. M'mawa kumacha bwino, masana mitambo yaunjikana, mabingu, mvula ya mkuntho, nthawi zina matalala. Thireyi yosiyidwa panja munthu ali kuntchito ndi yotayika. Nyengo imeneyi ndimadalira fani. Yalani mathireyi patebulo, fani iwombe molambalala pamwamba pake usiku wonse. Pofika m'mawa khungu limakhala louma ndipo kumera kwaima. Mukatero mungamalizitse padzuwa la m'mawa muli pomwepo, kapena mu uvuni. Pamalata ayi, dzuwa la Disembala limawatenthetsa kupitirira muyeso.

Muyesowo ndi uwu: musapyole madigiri 50. Njere yonyowa ikatenthedwa kufika cha m'ma 60 kupita m'mwamba, ma enzyme aja amayamba kufa ndipo gluten amaonongeka asanafike n'komwe mu mtanda, buledi wake safufuma. Moto wambiri umaumitsanso kunja kokha, m'kati muli chinyontho. Mu uvuni ya magetsi tembenuzirani pa moto wotsikitsitsa, yatsani fani yake ngati ilipo, chitseko muchitsekule pang'ono pochipinga ndi mthiko kuti nthunzi izituluka. Mauvuni ambiri amanama pa moto wotsika. Ngati mulibe choyezera kutentha, gwirani thireyi ndi dzanja. Izimveka yofunda, yoti mungaigwire osachotsa dzanja. Ikakuwotchani, zimitsani kaye. Tirigu wongochoka pathaulo amatenga maola 12 mpaka 24 mu uvuni, ndipo ndi mayunitsi a magetsi mmene akudulira, sindikuona chifukwa chochitira zimenezo. Fani imadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi uvuni. Lolani fani ndi dzuwa zigwire ntchito yaikulu, uvuni ingomalizitsa maola awiri kapena atatu. Magetsi akazima muli pakati, tulutsani mathireyi nthawi yomweyo muwaike podutsa mphepo. Mu uvuni yofunda, yonyowa, yopanda mpweya woyenda, tirigu amayambiranso kumera kapena kusasa. Pafupi ndi sitovu ya parafini kapena mbaula musayanikepo, njere yonyowa imakoka fungo ndipo lidzamveka mu buledi.

Mudziwa bwanji kuti wauma? Nambala ija munalemba. Tirigu wa magalamu 500 akamwa madzi amafika cha m'ma 700. Wouma ayenera kubwerera pa 500 kapena kutsikirapo pang'ono, poti mwataya zinyalala ndipo njere yadyako chakudya chake. Sikelo ikamaonetsa 540, musanyengedwe ndi kuuma kwa khungu, madzi akadalimo. Kenako lumani njere yozizira, osati yongotuluka mu uvuni. Youma ndi yolimba gwa, imasweka mwadzidzidzi. Ikaphwatalala kapena kumatirira kudzino, bwezerani. Njira ija alangizi amaphunzitsa poyeza chimanga chisanalowe m'matumba imagwiranso ntchito. Ikani njere m'botolo louma la galasi, thiranimo supuni ya mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi zingapo n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chinyezi chikadali chambiri. Pa zonsezi, kuumitsa mopitirira sikulakwika. Kusiya kachinyezi ndi kumene kumabweretsa chuku m'botolo patatha sabata, ndiponso kumata makina operera.

Akauma, mufikiseni m'manja kuti tinsonga touma tithothoke, n'kupeta. Sungani wathunthu m'mabotolo otseka bwino pamalo ozizira, amakhala miyezi. Ngati mukuopa anankafumbwe, ikani botololo mufiriji mbali youmitsa madzi kwa sabata imodzi. Ufa wokha ndiye suchedwa, chifukwa mafuta a mu kammera amayamba kununkha ukakhalitsa pofunda. Perani wokwanira kuphika kamodzi kapena kawiri, wotsala ukhale mufiriji.

Popera, blender yamphamvu kapena kamakina koperera khofi zimatha, bola muziika theka la kapu nthawi imodzi, kuyatsa pang'ono n'kuzimitsa kuti ufa usatenthe. Sefani, zokhakhala mubwezere. Amene ali ndi mtondo angathe kusinja, ngakhale tirigu wouma ndi wouma mutu kuposa mphale yonyika. Ufa wake sudzasalala ngati wa m'paketi, ndipo palibe vuto.

Buledi wake

Poyamba musaphike ndi ufa womeretsa wokhawokha. Sakanizani gawo limodzi ndi magawo atatu a white bread flour, osati cake flour amene alibe mphamvu yokwanira. Ndiye kuti magalamu 125 a womeretsa ndi 375 a woyera, kapena kapu imodzi ndi makapu atatu. Madzi ofunda pang'ono mamililita 350, mchere magalamu 10, mafuta ophikira supuni yaikulu imodzi, yisiti ya instant theka la kapaketi kaja ka magalamu 10. Shuga musathire, mulawe kaye zimene tirigu wachita yekha.

Sakanizani zonse mpaka ufa wouma usaoneke, vundikirani, musiye mphindi 20 kapena 30 kuti madeya amwe madzi. Kenako kandani mphindi 8 mpaka 10. Mtanda wake umamata kuposa umene munazolowera, ndipo dzanja limafuna kuwonjezera ufa. Likanizeni, nyowetsani manja m'malo mwake. Usiyeni ufufume mpaka utsale pang'ono kuwirikiza kawiri, muuumbe, muike m'chitini chopaka mafuta, ufufumenso mpaka ungosuzumira pamlomo pa chitini.

Kuno kumtunda mtanda umafufuma msanga kuposa ku Durban kapena ku Cape Town chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndipo ufa womeretsa umafulumizitsanso chifukwa yisiti yapeza shuga. Ndiye nthawi zolembedwa m'mabuku ophikira musazitsate ngati lamulo, yang'anani mtandawo. Udinikizeni ndi chala. Pobowoka pakabwerera pang'onopang'ono osatsekeka ponse, lowetsani mu uvuni. Mukachedwa umakwera bwino kenako n'kugwa pakati. Mtanda wa ufa umenewu si wougoneka usiku wonse panja, ma enzyme amakhala akudyabe.

Wotchani pa madigiri 220 kwa mphindi 10, mutsitse kufika 190 kwa mphindi zina 25 kapena 30. Amafiira msanga chifukwa cha shuga uja, ndiye mtundu usakupusitseni. Pamwamba pakada m'kati musanapse, phimbani ndi foyilo. Amene muli ndi choyezera kutentha kwa chakudya, kumbukirani kuti ku Johannesburg madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, osati 100, choncho m'kati mwa buledi simudzafika 98 monga amalembera ena. Pa 92 mpaka 94 wapsa. Mutulutseni m'chitini, azizire maola awiri musanadule. Fungo lake limakopa, ndikudziwa, koma buledi uyu akadulidwa wotentha amananda ngakhale zonse munachita bwino. Akatuluka bwino, ulendo wina kwezani womeretsa ufike theka, mukuwonjezera madzi pang'ono. Ufa womwewu umakomanso mu dombolo, buledi wa kuno wophika pa nthunzi, ndi m'masikono.

Nanga tirigu akakupitirirani, mizu n'kutalika? Ngati sakununkha ndipo alibe chuku, musataye. Mulekeni apitirize, mukutsukuluza monga kale, masiku atatu kapena anayi, mpaka mphukira, osati mizu, italike pafupifupi ngati njereyo koma isanabiriwire. Muumitseni pa moto wotsika womwe uja, fikisani mizu yonse ichoke chifukwa imawawa, n'kupera. Chimenecho ndi chimera cha tirigu, chimene ophika buledi amachitcha diastatic malt, ndipo n'champhamvu kwambiri. Supuni yaing'ono imodzi yosasefukira pa magalamu 500 a ufa wamba ndi yokwanira kufufumitsa bwino ndi kufiiritsa. Mukathira ziwiri kapena zitatu buledi amananda. Mukafuna fungo ndi mtundu wokha, kazingani njere zoumazo mu uvuni pa madigiri 150 kwa mphindi 15 kapena 20 mpaka zifiire. Moto umenewo umapha ma enzyme, ndiye mungathire supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri mopanda mantha. Chimera cha mapira chimene chimagulitsidwa m'masitolo a kuno, ngati cha King Korn chofululira mowa wa kuno wotchedwa umqombothi, sichingalowe m'malo mwa ufa womeretsa, chifukwa mapira alibe gluten.

Pa intaneti mumva zambiri zotamanda ufa wa tirigu womeretsa, ndipo ndikufuna ndinene zimene zili zoona chifukwa pali anzathu odwala amene angapwetekeke. Kumeretsa kumachepetsa phytic acid, amene amamanga ayironi ndi zinki kuti thupi lisazitenge mosavuta, koma kumeretsa kwakufupi ngati kwathuku kumangochepetsako pang'ono. Gluten sachoka. Munthu amene adokotala anamuletsa tirigu chifukwa cha matenda a coeliac asadye buledi uyu. Wodwala shuga amuwerengere ngati buledi wina aliyense, asamuyese mankhwala. Ndipo kuyambira 2003 lamulo la dziko lino limafuna kuti ufa wa buledi ndi ufa wa chimanga wogulitsa uwonjezeredwe mavitamini, ayironi ndi zinki, zimene ufa wopera pakhomo sunawonjezeredwe. Pakhomo pamene pali ana aang'ono kapena mayi woyembekezera, chimenechi ndi chifukwa chinanso chosakanizira ufa wanu ndi wa m'paketi.